Zikhadabo za Mwini Galimoto Yofiira

Pa chionetsero cha magalimoto akale ku Bendigo, Noreen anali pamzere wogula soseji yowotcha, manja ali m'matumba a jekete, pamene bambo wina kumbuyo kwake anamukodola.

"Mayi, mwaiona yofiira ija, ya mipando iwiri, yopanda denga?"

"Ndaiona."

"Mwini wake akuti waikonza yekha pakhomo. Injini, penti, zonse. Bodza lamkunkhuniza! Ine ndagwirana naye chanza. Chikhatho chofewa ngati cha khanda, zikhadabo zoyera mbee!"

"Mwina amavala magolovesi."

"Magolovesi ati? Ine ndakalambira kunsi kwa yanga, mayi. Oyilo sachoka ndi sopo. Ndamufunsa kuti dzimbiri la pansi anathana nalo bwanji, iye n'kuyamba kundiuza za mvula."

"Nanga inu zikukupwetekani pati?"

"Mphoto ya okonza okha magalimoto awo pakhomo tikulimbirana ndi iyeyo! Anakaisiya kugalaja ameneyo. Ndikukamunenera kwa oweruza."

"Kugalaja sinapiteko."

"Mwadziwa bwanji? Mumamudziwa?"

"Ndi amuna anga."

"Aa! Pepani mayi, ine sindimati..."

"Musapepese. Amene aja sadziwa n'komwe kogwira sipanala."

Noreen anatulutsa dzanja kuti alandire soseji yake. Zikhadabo zinali bii, ndipo pachala chachikulu panali chipsera cha moto wowotcherera zitsulo.

"Oweruza ali mu tenti yoyera iyo, bambo. Fulumirani, mphoto asanapereke. Akafunsa dzina loti alembe, muwauze kuti Noreen."