Mkonono umene unatsala pang'ono kundivula yunifomu ya Umanyano

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa ku Ntcheu, ndinakwatiwa kuno ku Kande, ndipo ndimaphika pa loji ina ya alendo. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anandipatsa dzina la chidakwa, ine woti mowa sindinaulawepo.

Zinayamba ndi tulo ta masana. Ndinkasinza ndikusenda mbatata, ndinkasinza pa minibasi mpaka kupitirira siteji. Choipitsitsa chinali kutchalitchi: abusa akangotsegula Baibulo, ine mutu zyoli, mkonono n'kuyamba. Thupi linali litakula, maso ofiira, mutu kuwawa m'mawa uliwonse. Nditapita kuchipatala ku Mzuzu, anandiunika m'mimba n'kupeza mafuta ambiri m'chiwindi. Dokotala anafunsa ngati ndimamwa. Ndinakana.

Koma nkhani ya chiwindi itafika kumudzi, anthu anaphatikiza okha. Amagwira ntchito pafupi ndi bala, amagona m'tchalitchi, tsopano chiwindi. Basi, amapopa zotsala za azungu! Amayi a Umanyano, gulu lathu la amayi mumpingo, anandiuza kuti ndisiye kaye kuvala bulauzi yoyera mpaka akulu ampingo akambe nkhani yanga. Abale, ndinalira. Ndikati ndidziteteze, ndinkayasamula pakati pa mawu, iwo n'kumayang'anana. Thupi langa lomwe linkandiperekera umboni wabodza, ndipo ndinalibe kothawira. Pemphero langa linangotsala limodzi: Ambuye, mundiyankhulire ndinu.

Yankho linadzera mwa NyaManda, mayi wapakamwa amene ankanditsanzira mkonono pachitsime. Tinagona moyandikana pamaliro ku Chintheche, ndipo kutacha anandikokera kuseri kwa nyumba, nkhope ili gwa.

"Ama, vuto lanu si mowa ayi," anatero. "Mwamuna wanga anali chidakwa, mkonono wa mowa ndimaudziwa. Inu mumasiya kupuma, zii, ngati mwafa, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu womira. Ine sindinagone, ndimangokugwedezani."

Anandiperekeza yekha ku Mzuzu, n'kukamuchitira dokotala sewero lonse, mkonono ndi kubanika komwe. Dokotala sanaseke. Anandigoneka m'chipatala atandimangirira kachipangizo kuchala, ndipo kanaonetsa kuti mpweya umandithera m'magazi ndikagona. Anati kukhosi kwanga kumatsekeka kutulo, ndipo kubanika kotere kumayendera limodzi ndi kunenepa komanso mafuta m'chiwindi, ngakhale kwa munthu wosamwa.

Alamu anga a ku Joni anatumiza makina opopera mpweya, ovala kumphuno pogona, ndipo timawalumikiza ku batire ya sola. Poyamba ndinkawavula, ndinkaona ngati andimanga m'thumba. Dokotala anachenjezanso kuti makina okha sangachotse mafutawo. Ndinasiya tchipisi cha kukhitchini, ndinayamba kupita kuntchito wapansi. Thupi linatsika, ndipo atandiyezanso anati chiwindi chikuchira.

Kwa akulu ampingo, NyaManda anaimirira ine ndisanatsegule pakamwa. "Ndine ndinkamuseka, ndinenso ndamuona akufa n'kudzuka. M'bwezereni bulauzi yake." Akuluwo atamva zonse, anandilola kuvalanso.

Mulungu alemekezeke. Iwe amene ukunamiziridwa ndipo mawu akuthera, usasiye kupemphera, ndipo ngati wako amabanika kutulo, pita naye kuchipatala. Lamulungu lapitali ndinavala bulauzi yanga, ndipo ulaliki ndinaumva wonse mpaka ameni. Amene anasinza paphewa langa anali NyaManda. Ndinatchera khutu, ndinamva kuti akupuma bwinobwino, n'kumusiya agone.