Misozi ya Loweruka

Yesu Khristu atamandike, abale ndi alongo anga nonse amene mukuwerenga mawu awa. Dzina langa ndine Firipo. Kwathu kobadwira ndi kwa Kalembo ku Balaka, koma ndinakwatira ku Chikweo, ndipo ndi kumene ndakhala chikwatirireni. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinaika mkazi wanga m'manda, kenaka n'kutsala pang'ono kusiyana ndi ana anga ali moyo. Si nkhani yokoma kuikamba, mtima umawawabe, koma kubisa zimene Mulungu wakuchitira n'chimodzimodzi kuba.

Mkazi wanga Rozina sanadwale nthawi yaitali. Anayamba kudandaula mutu tikukolola chimanga, ndipo tisanamalize kutola thonje tinali titamuika kale. Anandisiyira ana awiri: Agnesi, amene anali atangolandira kumene Ukaristia woyamba, ndi mlongo wake Pio, amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Inu a kuno mukudziwa mmene chikamwini chimakhalira. Mwamuna umamanga pamudzi pa mkazi, umalima munda wa kuchikazi, ndipo ana ndi a mbumba ya amayi awo. Mkazi akakhala moyo sukumbuka n'komwe zoti ndiwe wobwera. Akamwalira, abale ake amakusudzula, kutanthauza kuti amakumasula ubwerere kwanu ukayambe moyo wina, ana n'kutsala.

Mwini mbumba kwawo kwa Rozina ndi mlongo wake wamkulu, alamu anga Che Amadu. Iwo ndi Msilamu. Banja lawo ndi losakanikira monga mabanja ambiri kuno, ena amapita kumzikiti Lachisanu, ena kutchalitchi Lamulungu, ndipo zimenezi sizinatidanitsepo. Ndiye pasapezeke wina woti nkhaniyi inali ya chipembedzo, iyayi. Che Amadu ndi munthu wachilungamo, kungoti akanena amakhala anena. Anali ataona zimene zinachitika pamudzi woyandikana nafe, pamene mkamwini wina anamusiya pakhomo maliro atatha, iye n'kukwatira mkazi wina, n'kumubweretsa pamunda wa malemu, ana amasiye n'kusanduka antchito m'nyumba ya amayi awo. Alamu anati zimenezo pambumba pawo sizidzachitika. Anagamula kuti Agnesi apite kwa amayi ake aang'ono kwa Mposa, Pio akhale ndi iwowo Che Amadu, ine ndibwerere kwa Kalembo.

Kwa Kalemboko ndikanakatani? Makolo anga anatisiya kalekale, kamunda kamene kanatsala ndi ka alongo anga ndi ana awo. Ndikanakakhala munthu wa ganyu wogona pakhonde la eni. Koma zimenezo sindinkaziopa, njala ndinakula nayo ndipo timadziwana. Chimene chinkandidya mumtima n'choti ana awiri amene angotaya kumene amayi awo awagawane ngati nsomba za pa nyanja ya Chiuta, wina uku wina uko, bambo wawo n'kumawaona pa maliro pokha.

Chiyembekezo changa chonse ndinachiika pa Bambo Mfumu a parishi yathu. Anali atakhala nafe zaka zambiri. Ndi iwo amene anadalitsa ukwati wathu, ndi iwo anabatiza ana onse awiri, ndipo tsiku limene Rozina ankatsirizika anafika pa njinga yamoto, fumbi lokhalokha, kudzamudzoza mafuta. Anali munthu wanthabwala. Ine ankanditcha tcheyamani wa mbuzi, chifukwa pachikondwerero chilichonse cha parishi ndine ndinkayang'anira za nyama. Ngakhale Asilamu ankawalemekeza, pakuti galimoto ya parishi ikamanyamula wodwala sinkafunsa kuti amapemphera kuti.

Nditawadandaulira, anapita okha kwa alamu anga. Che Amadu anawayalira mkeka, anawaphikitsira tiyi, anawamvetsera mpaka kumapeto. Yankho lake linali laulemu koma lolimba: "Abambo, za kutchalitchi mumadziwa ndinu. Za mbumba mutisiyire eni ake." Bambo Mfumu anabwera kudzandiuza okha, ndipo anati ndisataye mtima, adzapitanso kawiri katatu mpaka alamu afewe. Ine ndinakhulupirira, chifukwa ndinali ndisanaonepo abambowo akulephera kanthu.

Sipanapite nthawi, akatekisiti analengeza m'tchalitchi kuti Ambuye Bishopu awasamutsa Bambo Mfumu athu, akupita ku parishi ina yakutali. Misa yotsanzikana anaiika Lamulungu, ndipo mwambo wondisudzula unali utaikidwa kale Loweruka lotsatira. Anzanga a mu mphakati, kagulu kathu kopempherera pamudzi, ankadandaula kuti denga la tchalitchi amaliza ndani, ine ndinkangoona Loweruka.

Abale anga, sindikubisirani, ndinamukwiyira Mulungu. Ndinkati, mwanditengera mkazi, ndavomera. Tsopano munthu mmodzi yekhayo wondilankhulira mukumuchotsanso, kodi ndinakulakwirani chiyani? Masana ndinkalowa m'tchalitchi muli zii, n'kugwada kutsogolo, pemphero langa limodzi lokha: Ambuye, sinthani mtima wa Bishopu, abambowa asachoke. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinaganizapo zowatenga anawo n'kuwolokera nawo ku Mozambiki, koma ndikaganiza zowachotsa pafupi ndi manda a amayi awo ngati mbava, mphamvu zinkandithera. Anawo sindinawauze kanthu, koma pamudzi nkhani siigona. Pio anayamba kunditsatira paliponse atagwira buluku langa, ngakhale popita kumunda wa chinangwa. Agnesi anangoti chete. Ankasesa, ankatunga madzi, ankaphika, koma mawu ayi.

Tsiku lotsanzikana linafika Bishopu osasintha maganizo. Tsono kuno tili ndi kachitidwe kathu. Pakakhala phwando ku parishi, mbuzi sitipha tokha. Timaitana Msilamu kuti achinje, kuti anansi athu Achisilamu adye nafe popanda chikaiko. Ndipo wochinja wa parishi yathu zaka zonsezi ndi Che Amadu, wogwira miyendo ndine. A komiti sanaganizeko n'komwe zoitana wina, anangotumiza uthenga monga mwa nthawi zonse. Ndiye m'mawa umenewo tinapezeka awiriwiri kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, munthu amene akundichotsa pamudzi ndi ine wochotsedwayo, mbuzi ili pakati pathu. Tinapatsana moni basi. Iwo anaitembenuza mbuzi kuloza kumene amaloza popemphera, anatchula dzina la Mulungu, ine nditagwira miyendo. Tinasenda, tinadula.

Tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Asilamu amene anabwera anakhala pamabenchi panja, pafupi ndi mazenera, ndipo alamu anga anali pomwepo. Misa itatsala pang'ono kutha, Bambo Mfumu anaimirira kuti atsanzike. Anayamba ndi nthabwala monga mwa chizolowezi chawo, kuseka amayi a kwaya kuti amayamba nyimbo pamwamba ngati akuthyola mango. Anthu anaseka pang'ono. Kenaka anati anabwera kuno ndi chikwama chimodzi ndipo akupita ndi chikwama chimodzi, koma ana amene akuwasiya sangawawerenge. Anapempha chikhululukiro kwa onse amene anawalakwira. Anati pali ena amene anawalonjeza thandizo, ndipo akuchoka asanakwaniritse. Ponena zimenezi anayang'ana mbali imene ndinakhala ine.

Apo ndiye tchalitchi chonse chinasweka. Amayi Achikatolika ankalira atafunda zitenje kumaso, madoda a imvi ankapukuta misozi ndi zipewa, kwaya inayamba nyimbo yotsekera n'kuilephera pakati. Ine ndinalira nawo, koma kunena zoona ndinkadzilirira ndekha.

Titatuluka, anthu anandanda pamzere kukagwirana chanza ndi abambo, wina nkhuku m'manja, wina kathumba ka mpunga, wina mphasa. Ine ndinali pamapoto, kugawa nyama. Alamu anga anakhala pabenchi pafupi ndi pamene ndinaima, ndipo Agnesi anabwera ndi beseni n'kugwada kuti awasambitse m'manja. Iwo anamuyang'anitsitsa kumaso.

"Iwe, anzako onse maso afiira kulira abambo awo, iwe maso gwa. Sunkawakonda kodi?"

"Ndimawakonda, amjomba," anatero mwanayo kwa amalume akewo. "Koma ine ndikusunga misozi ya Loweruka."

Sananene mwamwano, sananene modandaula. Ananena ngati mmene munthu anganenere kuti akusunga mbewu. Anawathirira madzi, anadzuka, n'kupita kwa mlendo wotsatira. Ine ndinamva ndi makutu angawa, chipande chili m'manja. Alamu anakhala manja ali onyowa, mbale ili patsogolo pawo, osaikhudza. Patapita kanthawi anakulunga mpeni wawo m'kansalu, anakwera njinga, n'kumapita osatsanzika munthu. Mumtima ndinati basi zathera pomwepa, aganiza kuti mwanayu ndachita kumutuma.

M'mawa mwake ndinapita kukathandiza kukweza katundu wa abambo m'galimoto. Atatsala pang'ono kukwera anandigwira dzanja nthawi yaitali. "A Firipo, ine ndalephera," anatero. "Koma asamutsa ine, Mulungu sanamusamutse." Ndinagwedeza mutu mwaulemu chabe. Mumtima ndinkati awa ndi mawu a munthu amene akupita. Galimoto inanyamuka, ndinaima mpaka fumbi linatha, kenaka ndinapita kunyumba kukamanga zovala zanga.

Loweruka abale anasonkhana pakhomo pathu. Mlongo wanga anabwera kuchokera kwa Kalembo kudzandilandira, amayi aang'ono a kwa Mposa anabwera kudzatenga Agnesi. Mwambo unayenda monga umayendera. Akuluakulu analankhula, anandithokoza kuti ndinamusamala mwana wawo mpaka kumanda, anandiika kanthu m'manja, n'kunena kuti ndamasuka. Pio anali pamiyendo panga, Agnesi atakhala pakhomo la khitchini, kamtolo kake kali pambali. Ndinkati ndidzuke pamene Che Amadu anakweza dzanja.

"Mwambo tatha, alamu mwamasuka. Tsopano ndilankhuleko ine. Lamulungu ndinaona anthu a imvi akulirira bambo amene sanawabale. Chifikireni kunyumba chakudya sichikundikomera. Ine ndachinja mbuzi zambiri m'dera lino, koma yoyamwitsa sindinaichinjepo. Ana awa amayi alibe, akuyamwa kwa bambo wawo."

Anati munda ndi wa ana, ndipo ukhala wa ana. Anati tsiku limene ndidzafune kukwatira ndidzayambe ndawauza iwo, tidzakhale pansi. Koma nyumba ndi yanga, ana ndi anga, ndipo kuyambira tsiku limenelo pasapezeke wonditcha mkamwini, ndine mng'ono wawo. Amayi ena anayamba kung'ung'udza kuti mwambo sutero. Alamu anangowayang'ana kamodzi, n'kuwafunsa ngati alipo wina amene akufuna kukamutenga yekha mwanayo pamiyendo pa bambo wake. Panalibe amene anadzuka.

Ndi pamene Agnesi analira. Sikunali kulira kwa chimwemwe monga mungaganizire. Analira mokuwa, akuitana amayi ake, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro. Anadzigwetsa pansi pakhomo la khitchini paja, ndipo woyamba kumufikira anali amjomba ake omwewo. Ndinangomukumbatira Pio, mawu okhawo amene ankatuluka anali akuti zikomo Ambuye, zikomo Ambuye.

Madzulo ake ndinawaimbira foni Bambo Mfumu kumene anapita. Nditawafotokozera ndinamva akufwenthera. Anati apereka Misa yothokoza, ndipo ndikawapatsire moni Che Amadu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkapempha. Ndinkapempha kuti abambo asachoke, chonsecho kuchoka kwawoko ndi kumene kunabweretsa alamu anga pabenchi paja, tsiku lija, kuti amve mawu a mwana. Ndikuthokoza Bambo Mfumu athu akale, amene timawasowabe ngakhale atsopano tawalandira bwino. Ndikuthokoza a mu mphakati mwathu amene ankabwera kudzapemphera kolona pakhomo panga pamene ine pakamwa panga panali patauma. Ndikuthokozanso alamu anga, munthu wa kumzikiti amene Mulungu anamugwiritsa ntchito kuyankha pemphero la m'tchalitchi.

Inu amene munthu amene munkamudalira wachoka, kapena khomo limene munkagogoda latsekeka, musaleke kugwada. Pempheranibe ngakhale mutakwiya, ine ndinkapemphera nditakwiya ndipo anandimva. Sindikunamizani kuti zonse zimabwerera mwakale. Rozina sanabwerere, ndipo masiku ena ndimabwera kumunda n'kuyamba kumuitana ndisanakumbuke. Pio wayamba kuiwala nkhope ya amayi ake, amandifunsa kuti ankaoneka bwanji, ndipo ndimakhala naye pansi n'kumufotokozera. Ndikanapita kwa Kalembo, mwanayu akanaiwala nkhope ziwiri.