Mabotolo m'dengu la ba Kansala

Owulutsa, ndine mtsikana wa ku Kamushanga. Ba kansala athu ndi chidakwa, ndipo anathawa mkazi. Pa Misa ya zokolola ndinabisa mabotolo a mowa m'dengu lawo la chopereka. Akupita nalo kuguwa, mabotolo ngwe! ngwe! Tchalitchi chonse chinafa ndi phwete. Sindipepesa, mpaka manje ndimaseka.

Koma mankhwala a shuga akatha kuchipatala, ndi iwo okha amene amakakalipa, ndipo ankabwera kudzaona amai anga, omwe amadwala shuga. Chichokereni tsikulo sanapondenso kwathu. Oseka aja palibe ndi mmodzi yemwe amatiyendera.

Dzulo amai anandifunsa, "Mwanawe, ba kansala adwala?" Ndinangoti kaya.

Ba kansala, ngati mukumvera, amai alibe mlandu. Imwani ndithu, koma bwerani.