Jombo za Che Bakali

Zaka zija ndili mnyamata kwathu ku Ntaja, matola asanachuluke ngati lero, munthu akatulukira pakhomo kuchokera ulendo wautali sitinkayamba ndi kumufunsa malonje ayi, tinkayamba tamuyang'ana kumapazi. Bambo anga ankapita wapansi ku Chilwa kukapikula matemba, dengu pamutu, ndipo akabwera fumbi lili lekeza m'maondo, mayi ankatereka madzi, n'kuponyamo mchere ndi masamba a bulugamu, mapazi n'kulowa m'beseni mpaka madziwo azirale. Akatero ankawathowa ndi kansalu kuyambira kuchidendene kukwera m'katumba, n'kuwasisita ndi mafuta a nsatsi chala chimodzichimodzi, kenako bambo ankagona chagada pamkeka, miyendo atasanjika pathumba la chimanga kuti kutupa kuphwe. Nkhani za ulendo zinkabwera pambuyo. Ngakhale mlendo wongopempha pogona, amene dzina lake sitinkalidziwa, ankalandira madzi ofundawo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti wosauka chuma chake ndi mapazi.

Ndayamba nkhaniyi chifukwa cha iwe Yusufu. Ndakuona ukulowa pakhomopa ukuponda ngati pansi pali minga, ndipo usandinamize kuti ndi mayendedwe a m'tauni. Enanu musaseke, nonse mwangofika kumene, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuno ku Doha amakuyang'ana yunifomu ngati yasitidwa, baji ngati ili pamalo pake, ndevu ngati wazisamala, koma za mapazi amene akunyamula yunifomuyo tsiku lonse palibe amafunsa. Ine ndinaziona ndi maso angawa pa mnzanga wina, Che Bakali a ku Namwera, amene tinakwera nawo ndege imodzi pobwera. Anali wamkulu pang'ono kwa ine, telala wodziwika kwawo, munthu wofatsa wosadziwa kukweza mawu. Kampani yathu ya usekyurite inatiika pa kompaundi ina ya mavila, nyumba zikuluzikulu za anthu olemera, ku Al Duhail, ndipo ntchito yathu inali kupatrola wapansi m'mbali mwa mpanda, kuzungulira, kubwerera pageti, kuzunguliranso, kuyambira dzuwa lisanatuluke mpaka lipendeke. Inu simunalione dzuwa la kuno likakwiya. Pansi pamatentha ngati chiwaya chokazingira chimanga, ndipo motowo umadutsa soli n'kukakupeza m'mafupa.

Tsiku lotipatsa katundu, wa kusitolo anangotola jombo zomwe zinatsala m'katoni n'kutiponyera. Zanga zinandikwana mwamwayi. Koma Che Bakali anali ndi mapazi otambalala, mapazi a munthu amene anakula akulima opanda nsapato, ndipo jombo zawo zinali zazing'ono, zija zokhala ndi chitsulo kutsogolo. Anapita mwaulemu kwa supavaiza kukafotokoza, koma iye osawayang'ana n'komwe, anangoti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto, zitambasuka zokha, yala, ndiye kuti tiyeni kuntchito. Tandiuzani ana inu, chitsulo chinayamba chatambasuka chifukwa choti munthu wachivala? Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo mtima umandiwira.

Tikaweruka ndinkachita zomwe ndinaona kwathu, ngakhale kuno kulibe bulugamu kapena nsatsi. Ndinkatenga ndowa yochapira, madzi ofunda osati owotcha, mchere wa kukhitchini, tonse awiri n'kuviika mapazi. Mafuta a kokonati tinkapempha kwa anzathu a ku India a chipinda choyandikana nafe, ndipo mnzathu wina wa ku Nepal anatiphunzitsa kugubuduza botolo la madzi ozizira pansi pa phazi, uku ndi uku, pamalo paja pamakoka ngati chingwe. Tikamaliza tinkagona chagada miyendo titatsamiritsa kukhoma, anthu akuluakulu ngati ana akusewera. Kwa ine zinkathandiza, m'mawa ndinkadzuka mapazi atapepuka. Kwa Che Bakali kutupa kunkaphwa ndithu, koma kukacha mapazi aja ankabwereranso m'ndende yomwe ija, ndipo pakachala kakang'ono panatuluka thuza, thuzalo linaphulika, pamalopo n'kusanduka chilonda.

Nditaona chilondacho ndinasiya kuwaviika, pakuti madzi a mchere ndi a kutopa, si a bala. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anakana. Anati akangolembedwa kuti ndi odwala, kontirakiti itha, ndiye akauza chiyani ana kumudzi. Anati komanso sichikuwawa kwenikweni, ndipo ine ndinakhulupirira kuti ndi kulimba mtima chabe. M'malo mwake anachita zaumisiri wawo: anatenga lezala, n'kung'amba jomboyo m'mbali pamene inkawafinya, n'kusokererapo kachikopa mwaluso moti munthu wongodutsa sakanaona kanthu. Mlungu umenewo anayenda bwinoko, mpaka ankaimba kanyimbo ka Chiyao pozungulira mpanda.

Koma m'mawa wina tili pamzere, supavaiza uja, amene sanayang'anepo phazi la munthu chiyambire, tsiku limenelo maso ake anagwera pachigamba. Anawatulutsa pamzere mkulu wa imvi, n'kuwakalipira pamaso pa tonse kuti awononga katundu wa kampani. Che Bakali anadikira kuti amalize, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Bwana, jombo zilipo zambiri kusitolo. Phazili ndi lomweli."

Anawalanda jombo zosokedwazo n'kuwapatsa zina za saizi yomwe ija. Ndinadandaula, ndinayankhula mpaka Chingerezi chinandithera, koma ndinali ndekha, anzathu ena onse maso ali pansi, aliyense akuopa tikiti yobwerera. Supavaiza anangokweza dzanja n'kuti halasi, nkhani yatha.

Patapita masabata angapo, Lachisanu lina tikutawaza pampopi wa pamzikiti kuti tikaswali, ndinaona akuvula sokosi mobisa, atandifulatira. Ndinasuzumira. Chala chija chinali chitada bii, chinzake chayambanso, ndipo fungo lake silinali la thukuta. Tsiku limenelo sindinawapemphe, ndinaitana takisi n'kuwakweza mokakamiza. Kuchipatala anatilandira bwino, zimenezo sindinganame, ndipo adokotala atayeza anapeza kuti Che Bakali anali ndi matenda a shuga omwe eni ake sankawadziwa. Anatifotokozera kuti matendawa amazizitsa mapazi, munthu osamva kuwawa pamene chilonda chikudya m'kati, ndipo anati tikanabwera thuza litangophulika bwenzi nkhani ili ya mankhwala ndi bandeji basi. Anawadula zala ziwiri.

Munthu wa zala zodulidwa sangapatrole mpanda, choncho kampani inawakonzera ulendo wa kumudzi. Ndipo mverani ichi, chimene sindinachikhululuke mpaka lero: mlungu womwe ankanyamuka, kusitolo kunafika makatoni a jombo zatsopano, masaizi onse, zazikulu zomwe ankapempha zili momwemo. Ndinaziona ndi maso anga zili ndandanda pashelefu. Iwo anakwera ndege atavala patapata, phazi lili m'bandeji. Ali moyo, alihamudulila, anabwerera pamakina awo osokera, amapalasa ndi phazi lamanzere, ndipo tikamayankhulana pafoni samadandaula. Wodandaula ndine.

Masiku ano ndikakhala pa ofu ndimapita ku Al Aziziya kukaona mphwanga amene amayendetsa galimoto ya banja lina, ndipo timadutsa kupaki ya Aspire. Kumeneko mukaona anthu akuyenda ndawala, ena akuthamanga, nsapato zofewa ngati mkate, wotchi pamkono ikuwawerengera mapazi, akamaliza n'kuima kuwongola akatumba pamtengo. Sindiwada ayi, akuchita bwino, akudziwa kuti thupi limafuna ulemu. Chimene chimandipweteka n'chakuti kuyenda komweko iwo akutcha masewera, ife n'kumene kumatidyetsa, koma nsapato yabwino ili kwa wosewera, wogwira ntchito n'kumuponyera zotsala m'katoni.

Ndipo inunso achinyamata mumandikwiyitsa, musaganize kuti ndikusiyani. Mwaima tsiku lonse pageti, mukaweruka mukuthamangira mpira pasimenti, mukabwera mukumeza mapiritsi opha ululu ngati mtedza, n'kugona ndi masokosi onyowa omwewo. Piritsi limangotseka phazi pakamwa, silichotsa chimene chikulidya. Foni mumaipukuta kangapo patsiku, mumaigulira chikwama chake, koma kasiponji kofewa koika m'kati mwa jombo mukuti n'kuwononga. Kale tinalibe zonsezi, koma tinali ndi nzeru yokhala pansi n'kuliyang'ana phazi. Akuluakulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula.

Tsono ana anga, chitani izi. Mukaweruka vulani jombo msanga, sambitsani mapazi, pukutani pakati pa zala, muwayang'ane pansi ndi m'mbali ngati mmene mayi amayang'anira khanda. Ngati ndi kutopa chabe, madzi ofunda a mchere, kusisita pang'onopang'ono, botolo lozizira, miyendo kukhoma, ndipo tsiku la ofu muwapatse mpumulo. Masokosi azikhala ouma, osinthasintha. Koma mukaona bala losapola, dzanzi losatha, kapena kutupa kwa mwendo umodzi, musadikire ine kapena ndowa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukayezetsenso shuga.

Iwe Yusufu, jombo zakozo ndaziona pakhomo, ndi zazing'ono, zala zako zasindikiza chikopa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma sindikulola upite wekha monga ndinaimira ndekha tsiku lija. Mawa tisanayambe dyuti tipita tonse kwa supavaiza wanu, iwe, ine ndi anzakowa. Chingerezi ndiyankhula ine, ndakalamba, tikiti sindiyiopanso. Inu mukangoima pambali panga, mitu ili m'mwamba, ndipo pasapezeke woyang'ana pansi.