Bondo la Tadala ndi mtsikana amene ndinkamukuwiza

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Joni ndi a kumudzi komwe. Ndikufuna ndikuuzeni za bondo la mwana wanga wamkazi Tadala, chifukwa mpaka lero ndikudabwabe ndi njira imene Mulungu anadzera.

Tadala amasewera mpira wamiyendo. Anayambira pabwalo lafumbi kwathu ku Dedza, kenako kalabu ina ya kuno inamutenga, ndipo anayambanso kuitanidwa ku timu ya dziko. Ine ndimasoka makatani ku Fordsburg. Za mpira ndinkazidziwa pang'ono, koma pepala lililonse lomukhudza ndimalisunga m'chikwama chachikopa, kuyambira khadi la kusikelo mpaka matikiti a basi.

Ali kutchuthi kumudzi, anthu anamupempha kuti alowe nawo mpira wa pa Khirisimasi. Mwana wapamudzi akana bwanji azakhali ake atayamba kale nthungululu? Anaponda padzenje, bondo n'kupotoka. Atabwerera kuno, akuluakulu a kalabu anati wavulalira kunja kwa ntchito, choncho iwo sizikuwakhudza. Ndinapita ndi chikwama changa n'kuyala mapepala onse patebulo. Iwo anangoloza mzere woletsa kusewera mpira wina uliwonse, m'mgwirizano womwe ndinausunga ndekha osaupinda ngakhale pakona. Ndinabwezera mapepala anga m'chikwama n'kutuluka.

Miyezi inadutsa Tadala ali chigonere, mwendo ukuwonda. Nsapato zake zampira anapatsa mwana wa aneba. Ine ndinkapemphera mokalipa ndithu, kufunsa Ambuye kuti anamupatsiranji miyendo yotere ngati mathero ake ndi pamphasa.

Ndiye tamverani. Panali mtsikana wa ku Chipata, dzina lake Misozi, wotchinga kumbuyo mu timu ina ya kuno. Ameneyo ndinkamukuwiza nthawi zonse, chifukwa ankagwetsa Tadala mopanda chisoni. Loweruka lina tinamva kugogoda, potsegula n'kupeza ndi iyeyo. Anati, “Atate, ndine uja mumati ng'ombe. Tadala alipo?” Anapinda thalauza n'kutiwonetsa chipsera chachitali pabondo lake. Iye ndiye ankadziwa khomo loyenera kulowera pachipatala cha boma, ndipo anaima nafe pamzere mpaka Tadala anachitidwa opaleshoni.

Pambuyo pake ankabwera m'mawa ndi chingwe cha labala n'kumamukweza Tadala masitepe a fulati yathu. Ine ndinkakhala poteropo n'kumafunsa. Chavulala ndi bondo, nanga bwanji mukuvutitsa ntchafu? Anandiuza kuti bondo limagwiridwa ndi minofu ya m'ntchafu, ndipo ndinapapasa langa n'kupeza kuti n'zoona. Nditamufunsa chimene ankadzivutitsira ndi mdani wake, anaseka. “Atate, uyu akasiya mpira, ine ndizigwetsa ndani?”

Kalabu ina ya ku Midrand inamuyesa Tadala n'kumutenga, ndipo kwathu anamuitananso. Mpira wake woyamba wa dziko atachira unali wolimbana ndi timu ya akwawo a Misozi. Ndinawonera pafoni, makina osokera nditazimitsa. Tadala akuthamangira kugolo, Misozi anamutchera mwendo monga kale, mwana wanga n'kugwa chadodolido. Kenako ndinamuwona akudzuka, akuponda mwamphamvu ndi mwendo womwe uja, n'kuyamba kuthamanga. Ndinagwada pakati pa nsalu za eni ake, misozi ili mbwembwembwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadutsa mapepala anga onse n'kutuma munthu yemwe ine sindikanamusankha. Inu amene mwagonetsa wodwala kapena mwathawidwa ndi ntchito, musaleke kupemphera, ndipo wina akagogoda mutsegule. Misozi tsopano amadya kwathu ngati mwana wanga. Koma ija anagwetsa Tadala ija inali penate, ndipo ndimamuuza pamaso nthawi zonse akabwera.