Alamu anaphatikiza chipinda

Pa siteji ya basi, wailesi ya wosoka nsapato inalengeza kuti dziko lina laphatikiza dera la dziko loyandikana nalo. Mayi wina anatembenukira bambo wa nyuzipepala amene anakhala naye pa benchi.

"Bambo, kuphatikizaku si kulanda komwe?"

"Ayi, mayi. Wolanda amabwera ndi mfuti. Wophatikiza amabweranso ndi mfuti, koma atavala tayi, n'kunena kuti malowo anali ake kuyambira kale."

"Ndiye alamu anga anaphatikiza. Amuna anga atamwalira, anapempha kusungitsa njinga m'chipinda chakuseri. Kenako anabweretsa matiresi, ati azilondera njingayo."

"Nanga pano?"

"Pano abowola khomo lawolawo, apakanso penti. Ana anga akugona pabalaza. Kodi zikatere, wophatikizayo amamuchotsa bwanji?"

"Mayiko ena amakumana n'kudzudzula mwamphamvu."

"Akadzudzula amachoka?"

"Ine sindinamvepo."

"Ndimadziwa. Achibale anakumana mwezi watha, anadzudzuladi mwamphamvu."

"Anakumana kuti?"

"M'chipinda momwemo. Pochoka anayamikira pentiyo."