Njuchi Zinatsata Madzi

Ine, amene anthu onse amanditcha Make Uchi, wa zaka 56, wokhala m'mudzi wa m'munsi mwa phiri lomwe akuboolamo msewu watsopano, ntchito yanga kugulitsa uchi, ndikupereka umboni pa mlandu wa amuna anga, mlimi wa njuchi, amene mwawatsekera m'chitokosi muno chifukwa cha imfa ya dalaivala wa galimoto ya madzi. Mwati ndinene zokhazo zimene ndinaona. Ndamva, bwana, koma mulembe zonse.

Amuna anga anapachika ming'oma makumi atatu m'phiri muja. Njuchi zawo, ndi za m'tchire zomwe, zinkamwa pa kasupe wa patsinde pa phirilo. Ifenso tinkatunga pomwepo. Ukalawirira unkapeza mapazi a agwape, a nungu ndi a anyani pamatope, aliyense ndi nthawi yake, popanda wolimbana ndi mnzake.

Mvula itangoleka kunabwera anthu a msewu ndi zikhomo zopaka utoto wofiira. Chikhomo china anachikhoma pakamwa penipeni pa kasupe. Mwezi usanathe anathirapo miyala ndi dothi mpaka mulu wake kupitirira denga la nyumba. Anaika paipi pansi kuti madzi azidutsa, koma inatsekeka ndi dothi lawo lomwe ndipo palibe anabwera kudzaitsegula. Kasupe anauma. Achule analeka kulira. Anyani anatsikira m'minda mwathu. Agwape anayamba kudumpha msewu kufuna mtsinje wa tsidya lina, magalimoto a miyala n'kumawagunda. Awiri ndinawaona ndi maso angawa akuwambidwa pamoto ku kampu ya antchito. Pa imfa zimenezo sindinamve kuti mwatsekera munthu.

Ife amayi tinayamba kupempha madzi kwa dalaivala wa galimoto yothirira msewu. Anali munthu wabwino, wamfupi, woseka ndi aliyense. Ine ankanditcha apongozi, chonsecho ndilibe mwana wamkazi. Njuchi nazo zinaupeza mpopi wa galimotoyo, poti madzi anatsala pokhapo. Amuna anga anakakambirana ndi dalaivalayo, ndipo anagwirizana zoika mgolo wodula pakati kuseri kwa thanthwe, kutali ndi antchito. M'mawa uliwonse dalaivala ankaudzaza, amuna anga n'kuponyamo timitengo toti njuchi ziziterapo zisamire. Mpopi unakhala pa mtendere.

Sabata yatha kapitawo wa msewu anaupeza mgolowo. Anauza anthu ake autenge akasungunuliremo tala. Ine ndinalipo. Anati, "Madzi a kampani si omwetsa ntchentche." Amuna anga anayankha kuti, "Mukachotsa mgolowo, njuchi zikutsatani." Mawu ake anali amenewo, osawonjezera. Ndamva kuti kapitawo wakuuzani kuti kunali kuopseza. Ha! Munthu akakuuza kuti mvula ikubwera, ndiye kuti mitambo ndi yake?

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndinapita ndi ndowa kukapempha madzi. Galimoto inaima pafupi ndi mkuyu waukulu, mtengo wokhawo umene unatsala m'mzere wa zikhomo. Mkuyuwo unali ndi mphako, ndipo m'mphakomo munkakhala njuchi za m'tchire kuyambira ine ndisanakwatiwe. Sizinali za mng'oma wa munthu aliyense. Antchito onse ankadziwa, poti ankazilozerana akamadya pamthunzi.

Dalaivala anandiuza ndidikire pang'ono. Paipi ya pansi pa thanki inkadontha, ndiye analowa chagada kunsi kwa galimoto ndi sipanala, miyendo yokha ili kunja. Ine ndinaima ngati kuchokera pa tebulo lanuli kukafika pa geti apo. Amuna anga panalibe. Anali kumunsi kudambo, akukumba chitsime.

Chimakina chogwetsa mitengo chinafika. Woyendetsa wake anaima n'kuloza mphako ija. Kapitawo anakuwa kuti, "Gwetsa, tidye uchi!" Antchito anaseka. Ine ndinakuwa kuti pansi pa galimoto pali munthu, koma mawu anga anamezedwa ndi injini. Mtengo unagwera mbali ina, sunakhudze galimoto, koma unang'ambika pakati. Njuchi zinatuluka ngati utsi.

Aliyense anathawa. Woyendetsa chimakina analumpha n'kusiya injini ikulira. Kapitawo analowa m'galimoto yake yaing'ono n'kukweza magalasi onse. Ine ndinagwa chafufumimba n'kudziphimba ndi nsalu. Onani mkono uwu mmene watupira, mulembe kuti mwauona. Dalaivala anayesa kutuluka, lamba wake n'kukodwa ku chitsulo. Zovala zake zinali zonyowa, ndipo pompo ndi pamene njuchi zinaunjikana. Ndinamumva akuitana amayi ake.

Amuna anga anamva phokoso n'kubwera chothamanga, atanyamula mtolo wa udzu wofuka ndi thumba. Anakwawira kunsi kwa galimoto, anadula lamba uja ndi chikwanje, anamukoka dalaivala n'kumufunditsa thumba. Nkhope yake inali itasandulika, maso osaoneka. Dalaivalayo anati, "Madala, sindikuona." Amuna anga anamunyamula mpaka pa galimoto ya kapitawo n'kugogoda pagalasi. Kapitawo sanatsegule. Anagogodanso, ine n'kumenya chitseko ndi ndowa mpaka ndowa kupindika. Anatsegula njuchi zitachepa. Dalaivala anafera panjira yopita kuchipatala, mutu wake uli pamiyendo ya amuna anga.

Madzulo ake apolisi anu anabwera kunyumba ali ndi kapitawo yemweyo. Iye ndiye ankayankhula, iwo akulemba. Anati amuna anga anaopseza, kenako anabwera ndi moto, ndipo njuchi sizinawalume, ndiye kuti anachita kuzituma. Bodza lamkunkhuniza! Zinawaluma. Ndinawazula mbola m'khosi ndi m'manja mpaka zala kutopa. Thupi lawo linazolowera, silitupa, basi. Ndinauza apolisiwo kuti afunse amene analamula kuti mtengo ugwe, koma anandiuza ndikhale chete. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Wapolisi wamkulu anafunsa amuna anga kuti, "Njuchi zapha munthuzi ndi zanu?" Ine ndinawatsina kuti akane, poti zoona zake n'zakuti sizinali zawo. Iwo anati, "Njuchi zonse za m'phiri muja ndi zanga." Unyolo unalira pomwepo. Bwana, munthu ameneyu ndakhala naye zaka zoposa makumi atatu, ndipo mutu wake ndi mwala. Bambo awo anawaphunzitsa kuti mlimi wa njuchi sakana njuchi pamaso pa anthu, ngakhale za m'mphako, chifukwa ukazikana nazonso zimakukana, zimasamuka m'ming'oma n'kukusiya ndi makungwa okhaokha. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, iwo amakhulupirira. Mwawafunsa kawiri muno ndipo kawiri konse ayankha chimodzimodzi. Sakuvomera kupha munthu. Akuteteza ming'oma yawo.

Lachinayi m'mawa, maliro a dalaivala atanyamuka, antchito anzake anakwera phiri ndi zigubu za dizilo. Kapitawo anawabwereketsa galimoto. Ndinawatsatira ndikuwachonderera. Ndinawagwadira, ine mayi wamkulu, pafumbi. Mmodzi anandikankha n'kunena kuti, "Mfiti inu, mukufuna mutimalize tonse?" Anagwetsa ming'oma umodziumodzi, kuithira dizilo n'kuyatsa. Ina anaitenthera m'mitengo momwemo, moto n'kulowerera m'tchire mpaka kuseri kwa phiri. Ndinapeza fulu atapsera m'chigoba chake. Uchi unkayenderera m'phulusa. Ndinazungulira phiri lonse kufuna mng'oma ngakhale umodzi wotsala, sindinaupeze. Ndinabwera kudzanena pa kauntala panu pano tsiku lomwelo. Anandiuza kuti galimoto ya apolisi ilibe mafuta.

Anyamata aja sindikuwada kwambiri, analira mnzawo, ndipo inenso ndinamulira. Mtima wanga ukuwawa ndi kapitawo. Anakwirira kasupe, analanda mgolo, analamula mtengo ugwe, anatseka chitseko munthu akufa. Lero m'mawa ndamudutsa ali pamsewu, wavala chipewa chake choyera, akuloza pokumba pena. Wandipatsa moni.

Amuna anga sakudziwa za moto. Lero nditawabweretsera chakudya sanafunse za mlandu, sanafunse za ine. Anagwira zitsulo za pachitseko n'kufunsa kuti, "Njuchi wazithirira madzi? Kukutentha." Ndinati eya. Anati ndisaiwale timitengo. Ndinati sindiiwala.

Mwandiuza kuti umboni wanga pawokha sungawatulutse, mpaka iwo eni anene ndi pakamwa pawo kuti njuchi za mumkuyu sizinali zawo. Sanganene akadali kuganiza kuti m'phiri muli ming'oma. Ndiye mukamaliza kulemba munditsegulire ndikawauze ndekha. Musatume wapolisi, ndipo musaime pafupi. Akamva adzazikana, poti palibenso yoti isamuke, ndipo mudzalemba zimene mukufuna. Mukatero mundipatse munthu wanga ndipite naye kunyumba. Tidzera njira yakudambo, yotalika ija, kuti phirilo asalione lero.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo andiwerengera zonse ndisanadinde.

Chala cha mboni: ....................
Wapolisi wolemba: ....................